Musafufute mlimi chifukwa choti wakolola kwambiri

Mchemwali wina yemwe akulemba thesis wanditumizira imelo. Omuyang'anira amuuza kuti achotse mu deta yake aliyense amene Cook's distance yake (muyeso wa mmene munthu mmodzi akukokera zotsatira) yapitirira 4/n (4 kugawa ndi chiwerengero cha anthu onse), ndiye akufunsa ngati robust regression, njira yowerengera yosakokedwa msanga ndi manambala osiyana kwambiri ndi anzake, ingamupulumutse ku zimenezi.

Funsoli landifika pamtima. Ndinagwirapo ntchito pa kafukufuku wa zokolola za chimanga, pomwe bwana wathu ankangofuna mzere wa pa girafu wooneka bwino mu lipoti. Mmodzi mwa anyamata ofunsa mafunso ankalemba maekala pamalo olemba mahekitala, mafomu ake onse. Cook's distance sinawaone n'komwe. Njira imene Dennis Cook anatulutsa mu 1977 imachotsa munthu mmodzi pa nthawi n'kuona mmene mzere wasunthira. Koma olakwika akakhala gulu, ukachotsa mmodzi anzake amaugwirabe mzerewo pomwepo. Amabisana. Amene anaoneka wolakwa anali gogo wina amene anakololadi zochuluka chifukwa ankathira manyowa a ng'ombe chaka ndi chaka. Bwana anati achotsedwe. Ine ndinapita kukatsegula katoni ya mafomu, n'kupeza fomu yake yodetsedwa ndi dothi, manambala ake ali olondola onse.

Kufufuta munthu chifukwa wasokoneza mzere wanu ndi kunama basi. Ndikunenetsa. Ndipo 4/n yomwe anthu amailemekeza ngati lamulo ndi malire ongoyerekeza chabe.

Za mafoni a ku Belgium mumazidziwa? Mu R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala, muli deta yotchedwa phones, ya zaka za 1950 mpaka 1973. Kuyambira 1964 mpaka 1969 analemba mphindi zimene anthu analankhula m'malo mwa chiwerengero cha mafoni oimbidwa. Least squares, njira yanthawi zonse yopezera mzere, imakokedwa ndi zaka zimenezo, koma njira ya Peter Rousseeuw ya 1984, least median of squares, imazisiya poyera. Mwaona, cholakwikacho chinali cha wolemba, osati cha anthu oimba foni.

Nanga muchite chiyani, mchemwali?

Gwiritsani lmrob, chida cha robust regression chopezeka mu phukusi la R lotchedwa robustbase. Musadalire chida china cha rlm chikamagwiritsa njira ya Huber yokha, chifukwa sichilimba ngati cholakwika chili kumbali ya x, manambala amene mukuloserera nawo zotsatira. Onani amene weight yawo (mphamvu imene lmrob yawapatsa) yatsikira pafupi ndi ziro kapena standardized residual yawo (muyeso wa mmene atalikira ndi mzere) yadutsa 2.5, kenako bwererani ku mafomu. Cholembedwa molakwika chikonzeni. Choona chisiyeni, ndipo onetsani okuyang'anirani zotsatira ziwiri, ali mkati ndiponso atachotsedwa.