Kamera yoti yajambula kale zithunzi 140,000, mugule?

Achimwene ena a ku Mchinji andilembera kuti kamera yawo inagwera m'madzi, ndiye apeza Canon 5D Mark III yakale, koma shutter count yake, kutanthauza nambala ya zithunzi zomwe yajambula kale, ili pa 140,000. Akuti agule kapena ayi?

Funso lanuli achimwene landikumbutsa zowawa. Ine kamera inandifera m'manja pa chinkhoswe kuno ku Kasungu, nthawi yeniyeni imene ankhoswe amapatsana tambala ndi thadzi. Ndidine batani, zii. Ndichotse batire, ndibwezeretse, ziii. Mayi a mkwatibwi akundiyang'ana, a DJ akuitana wojambula pa maikolofoni, ine thukuta kamukamu. Zithunzi za nthawi imeneyo zinachokera m'mafoni a achibale, ndipo theka la ndalama ndinabweza. Amene anandigulitsa kamerayo anali atalumbira kuti mwini wake ankangojambulira ana ake pa Khirisimasi. Ogulitsa onse amatero! Sindinamvepo wina akunena kuti iyi yatopa ndi maukwati.

Komatu sindikunyoza zakale. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani mwa ife angalowe m'sitolo n'kutuluka ndi kamera yatsopano? Tonse tikudalira zomwe ena atopa nazo ku Johannesburg kapena ku UK. Chimene chimandinyansa n'chakuti wogulitsa amabisa nambala ya shutter count ija, kenaka n'kutchula mtengo ngati kamera yangotsika m'ndege. Kumeneko ndi kuba, ndipo tisamakunyengerere.

Nambalayo ili ngati makilomita a galimoto. A Canon amati shutter ya 5D Mark III, kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka mukamajambula chithunzi, inapangidwa kuti ifike pa 150,000, chimodzimodzi Nikon D750. Sikuti ikafika pamenepo imafa tsiku lomwelo ayi. Zina zimapitirira kutali, zina zimagona zisanafike n'komwe. Ndiye onjezani fumbi lathu la mu Okutobala, lija limalowa mukamasintha lens pa bwalo la mpira.

Nanga muchite chiyani?

Nambalayo muione nokha. Pa Nikon imabisala m'chithunzi chilichonse, pa Canon ngati imeneyi pamafunika kuilumikiza ku kompyuta ndi pulogalamu yowerengera. Jambulani khoma loyera shutter ili pa liwiro la 1/8000 ya sekondi, muone ngati mbali ina ikuda. Kamera ikangoonetsa uthenga wa vuto woti Err 30, imeneyo ndi shutter, bwererani kunyumba. Funsaninso okonza makamera ku Lilongwe mtengo wosinthira shutter, muuchotse pa mtengo umene akutchulawo.

Mwatsala ndi zithunzi 10,000 zokha kuti ifike pa 150,000 paja, ndipo ukwati umodzi umadya zithunzi mazanamazana. Ngati ikhale yachiwiri m'chikwama, kapena mumajambula kwambiri mavidiyo, omwe sadya shutter, tengani. Koma ngati ndi yokhayo yopita nayo ku maukwati, ine ayi, ngakhale atatsitsa bwanji.