Za anzanu obwera kudzasaka moose aja, ndalamazo musalandire

Achimwene, ndaliona funso lanu. Mwati mwatha zaka zinayi ku Alaska, laisensi yosakira muli nayo, ndiye anzanu awiri akubwera mu Sepitembala, wina waku Texas wina wochokera kunja kwa America pa viza, akufuna mupite nawo kukasaka moose, chinyama chachikulu chija cha nyanga zotambalala, ndipo aliyense akuti akupatsani $500 yothokoza. Za nsapato ndi matenti ena akuyankhani kale, ine ndikamba za ndalamazo basi chifukwa mpamene anthu amagwera mbuna.

Musalandire. Olo aitche mphatso, olo ya sopo, dzina silisintha kanthu. Lamulo laku Alaska limayang'ana chinthu chimodzi, kodi mwalipidwa chifukwa choperekeza munthu kosaka nyama zikuluzikulu? Ngati eya ndiye kuti mwagwira ntchito ya gaidi, ndipo ntchito imeneyo imafuna laisensi yake yochokera ku bungwe la boma la Alaska lotchedwa Big Game Commercial Services Board. Kubwezerana ndalama zimene zagwiradi ntchito ndi nkhani ina, mafuta a boti, chakudya, gasi wophikira, mumagawana malinga ndi malisiti. Koma ikangopitirira pa lisiti, yapamwambayo ndi malipiro. Ngakhale kungowanyamula pa boti kukawasiya kutchire molipiritsa, kumeneko kulinso ndi laisensi yake ya transporter. Amene akulemba kuti "bola mugwirizane pa inu nokha palibe angadziwe" aja sanaonepo munthu akulandidwa mfuti.

Ine ndinaona. Mnzanga wina amene tinkagwira limodzi ntchito anatenga anyamata awiri ochokera steti ina, anzake a mlamu wake, anawasunga kunyumba, kuwatengera pa boti lake masiku asanu, anapha moose yabwinobwino yololedwa, matagi onse, zilolezo zomangirira pa nyama imene mwapha, ali m'manja. Pochoka anamutumizira ndalama pa foni, ndipo pa malo olemba chifukwa paja mmodzi analemba kuti zikomo gaidi wathu. Kenako zithunzi pa Facebook, nyanga zili pa boti, mawu ake omwewo. Patapita miyezi ingapo anthu a yunifomu anagogoda pakhomo atanyamula mapepala osindikiza zithunzi zija. Ndinapita kukamuona sabata imeneyo, anali atakhala mu galaja akuyang'ana pakhoma pamene pankakhala mfuti, tiyi atazizira m'kapu osamwa. Ndalama imene anapatsa loya inaposa kutali imene analandira ija, ndipo kusaka anayamba waiwala kaye. Munthu woti samachita bizinesi ayi, ankangosangalatsa alendo. Mpaka lero zimandiwawa.

Chinanso choopsa, nyama ikaphedwa mophwanya lamulo la steti kenako nkuwoloka malire kupita steti ina, nkhani imalowa mu Lacey Act, lamulo la boma lalikulu la 1900 lija, ndipo kumeneko ntchito ya gaidi amaiwerenga ngati kugulitsa nyama. Mnzanu waku Texas akakwera ndege ndi nyama mu kula bokosi ndiye kuti mlandu wakwera naye. Komanso masteti ambiri anagwirizana kuti akakulanda laisensi kumodzi, kwinako sakupatsanso.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa palibe amene wakuuzani. Mnzanu wa viza uja simungamutenge kuti akasake nkomwe, olo ulele. Munthu amene si nzika ya America komanso sakhala mokhazikika ku America, nyama yaikulu iliyonse, moose, caribou, chimbalangondo, amayenera kukhala ndi gaidi wa laisensi. Waku Texas uja ngati ndi nzika, moose atha kusaka nanu ngati mnzanu popanda vuto, agule laisensi yake cha m'ma $160 ndi tagi ya moose cha m'ma $800. Koma asatengeke akaona chimbalangondo cha brown kapena grizzly, nkhosa za Dall kapena mbuzi zam'mapiri, zitatu zimenezi mlendo amafunika gaidi kapena wachibale weniweni wokhala ku Alaska wa zaka 19 kupita m'mwamba. Ndipo chibale chake ndi chowerengeka, bambo, mayi, mwana, mchimwene kapena mchemwali, agogo, mdzukulu, mkazi kapena mwamuna wako, alamu, apongozi. Msuweni ayi, amalume ayi. Ife mwana wa bambo aang'ono timati mchimwene ndipo ndi mchimwenedi, koma pa fomu yawoyo salowa, musalembe.

Gaidi ndi wodula, sindikubisirani, ulendo wa moose umatha kupitirira $20,000, nchifukwa chake anthu amafuna njira yachidule kudzera mwa anzawo. Wa viza uja muuzeni zoona pano asanagule tikiti. Atha kubwera kudzayenda nanu, kujambula, kuwedza nsomba ndi laisensi yake yowedzera, koma mfuti asagwire, za mfuti kwa anthu a viza zili ndi malamulo akenso ovuta.

Musanayankhe anzanuwo imbirani a Fish and Game, nthambi ya boma la Alaska yoona za nsomba ndi nyama zakutchire, auzeni unit, kutanthauza chigawo chosakira, imene mukupita ndi mmene mukufuna kugawana ndalama, chifukwa malamulo a alendo amasiyana unit ndi unit, kwina mlendo amaloledwa mphongo ya nyanga zotambalala mainchesi 50 kapena yokwana nthambi zimene anaika, kwina salola alendo nkomwe. Malisiti sungani mu envulopu imodzi, pogawana pakhale pepala.

Ndipo mukapha, nyama yonse ituluke kutchire kaye, nyanga zibwere ndi katundu womaliza. Alendo amathamangira nyanga chifukwa cha zithunzi, pamene kusiya nyama kutchire ndi mlandu waukulu paokha. Moose ndi chinyama cholemera zedi, anthu atatu mudzasenza maulendo angapo, ndiye musakaphere kutali ndi mtsinje.