Za ma volts, ma amps ndi waya amene ndinaotcha kwa amayi

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti akuunikira anapiye ndi babu la galimoto pa batire ya 12 volts, multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) yobwereka ikuonetsa 1.75 amps, nde akufuna adziwe resistance (mmene babulo likukanizira magetsi kudutsa) ndi ma watts ake (mphamvu imene likudya). Funso laling'ono koma landikumbutsa tsiku limene ndinatsala pang'ono kuotcha nyumba ya amayi anga, nde mundipirire kaye.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kulandira ka salale, ndati ndikawaikire sola amayi kumudzi asiye kugula mabatire a tochi. Ndinagula panelo, batire, inverter (yosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba), zonse ndanyamula pa minibasi ndikudzimva ngati injiniya. Waya wochoka pa batire kupita ku inverter ndinaiwala kugula, nde ndinangodula chingwe cha extension yakale chimene ndinkagwiritsa ntchito kutauni, mwina mamita awiri, poti chinkayendetsa TV ndi wailesi bwinobwino zaka zonsezi, vuto lingakhale pati? Madzulo ana a pamudzi adzaza pabalaza, TV yayaka, azibale ena abweretsa mafoni kuti atchaje, msuweni wanga walumikizanso masipika ake, ineyo ndakhala pa mpando wa ndalema ngati bwana. Sipanathe nthawi amayi akuti "kodi ukuotcha pulasitiki panjapo?" Kupita kukaona, chingwe chija chafewa ngati chingamu, utsi uli tolotolo, ndipo chinali chitatsamira thumba la chimanga. Ndinachikoka ndi manja, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Amayi sanakalipe, anangoti "mwanawe, bola tochi ija", ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa chala.

Chimene chimandinyansa mpaka pano nchoti masamu ake ndinkawadziwa. Ohm's law ndinailoweza ya MSCE, ka triangle kaja ka V (volts) pamwamba, I (current, kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya, mu ma amps) ndi R (resistance) pansi, kubisa chilembo chimodzi ndi chala basi yankho latuluka. Ndinakhoza. Koma palibe tsiku limene ndinaganizapo kuti I ameneyo ndi chinthu chotentha chimene chingaotche nkhokwe. Zinthu ndinalumikiza tsiku lija zinali ngati 300 watts. Kutauni pa 230 volts, 300 kugawa ndi 230 ndi 1.3 amps, chingwe chilichonse chimanyamula osadandaula. Pa batire, 300 kugawa ndi 12 ndi 25 amps, osawerengera zimene inverter imadya yokha. Katundu yemweyo, koma current yachuluka pafupifupi ka 19.

Nde kutentha kwa waya sikukwera mofatsa ayi, kumayenda ndi current kutaimusa current kutaimusa resistance ya wayayo. Kachingwe kaja tingoti kanali ndi 0.1 ohm kupita ndi kubwera. Pa 1.3 amps kamataya mphamvu yosakwana 0.2 watts, simungamve nkomwe. Pa 25 amps ndi 25 x 25 x 0.1, kupitirira 60 watts mkati mwa pulasitiki, ngati mwakulunga babu lakale lija la 60 watts mu jumbo.

Ndinene mosabisa, anthu timaopa chinthu cholakwika. Munthu akamva 12 volts amati aah izi nzoseweretsa ana sizigwira shoko, zoona sizikugwirani, koma batire ya galimoto imatha kutulutsa ma amps mahandiredi mukagunditsa mawaya, ngakhale sipanala ikagunda mitu yonse iwiri ya batire imafiira. Ndipo amene amaika sola opanda fyuzi pafupi ndi batire, kaya ndi wachibale kaya watchipitsa bwanji, musamupatsenso ntchito. Enanso aja fyuzi ya mu pulagi ikapsa amakulungapo ka waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya, inu, 13A (13 amps) yalembedwa pamenepo si dzina la kampani. Pa 230 volts imeneyo ndi pafupifupi 3000 watts, ketulo ya 2000 watts yokha yatenga kale 8.7 amps, muonjezere ayironi ndi hotplate pa extension imodzi muone ngati simuitana anthu ndi ndowa. Ketulo yomweyo ikayaka theka la ola yadya yuniti imodzi, nchifukwa chake mayunitsi amatha ngati pali wina akuba, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Georg Ohm mwini wake anali mphunzitsi wa ku Germany, anasindikiza zimenezi mu 1827 atayeza mawaya enieni otalika ndi kunenepa mosiyanasiyana. Ife tinangotengapo triangle.

Yankho lanu achimwene

Resistance ndi volts kugawa ndi amps: 12 kugawa ndi 1.75, pafupifupi 6.9 ohms. Power ndi volts kutaimusa amps: 12 x 1.75, ndi 21 watts, ndipo mukayang'ana pa chitsulo cha babulo mwina mupeza palembedwa 21W. Mukaliyeza lozima ndi multimeter muona ohms yochepa kwambiri, pansi pa 1, musati mita yafa, ka waya ka mkatimo resistance yake imakwera kakatentha. Maola 10 usiku likudyerani 17.5Ah (amps kutaimusa maola) pa batire. Koma ngati cholinga ndi kufunditsa anapiye osati kungowaunikira, 21 watts ndi yochepa mu June, ndipo mukayamba kuonjezera mababu muonkhetse ma amps onse kaye musanasankhe waya, fyuzi muike ku batire konko.