Ndimvere buku kapena apongozi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene akazi awo atsala pang'ono kuchira mwana woyamba. Akuti anagula buku lachingerezi la kaleredwe ka makanda kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, koma apongozi awo, amene abwera kudzadikirira, akutsutsa pafupifupi tsamba lililonse. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, musanayambane ndi apongozi, tsegulani koyambirira kwa bukulo muone chaka chimene linasindikizidwa. Mabuku ambiri a ku America ndi ku Britain a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankalangiza kuti khanda lizigona chafufumimba. Madokotala atazindikira kuti kagonedwe kameneka kamachulutsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo, malangizo anatembenuka. Ku Britain mu 1991 ndi ku America mu 1994 anayamba kulengeza paliponse kuti mwana azigona chagada. Tsono mabuku akale aja, eni ake atawataya, ndi amene amatipeza kuno ngati kaunjika.

Muonenso kumene linalembedwera. Langa, limene ndinagula ndili ndi pakati pa mwana woyamba, linali ndi mutu wathunthu wa kasankhidwe ka bedi la mwana, koma udzudzu silinautchule ngakhale kamodzi. Kuno khanda losagona mu neti ndiye kuliika m'manja mwa malungo.

Buku limene simuyenera kulitaya ndi kabuku ka kusikelo kaja, kamene ambiri timangokapinda n'kukaponya m'chikwama pamodzi ndi matewera. M'menemo ndi mmene amalemba katemera: BCG (woteteza ku chifuwa chachikulu cha TB) ndi wa poliyo akangobadwa, ena pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mulinso mzere wa kulemera kwa mwana. Ukamakwera mwezi ndi mwezi, mtima ukhale m'malo, ngakhale achibale anene kuti mwanayu sakukhuta.

Pali zinthu zimene ine sindigonjerapo, anene ndi agogo kapena ndani. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa, asaufinyire pansi. Ndiwo umateteza mwana ku matenda, ndipo ayamwe ola loyamba lisanathe. Mpaka miyezi 6 ndi bere lokha, osampatsa madzi kapena kaphala, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena mankhwala azitsamba. Kanthu kaja kamauma n'kugwa kokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Liwombo likalowa m'kati, kawirikawiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi, makamaka ngati akutsegula m'mimba. Pamenepo n'kuthamangira kuchipatala, osati kumata zinthu pamutu. Chimodzimodzi akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamakomoka, akamapuma mwabefu kapena maso akachita chikasu. Usiku womwewo, osadikira kuti kuche.

Koma musawapeputse mayiwo. Buku silingakusambitsireni mwana woterera ngati mlamba m'beseni, silingawaphikire akazi anu phala ali m'chikuta, silinganyamule khanda 2 koloko usiku kuti mayi ake aphetheko tulo. Apongozi anga ankangomva kaliridwe n'kunena kuti uyu ndi mpweya, muikeni paphewa mumsisite pamsana. Ageya kamodzi, zii, wagona. Ine ndili pakati pofufuza tsamba.

Mawu a mkamwini sapita patali pa nkhani ya mchombo ndi liwombo, ndipo mukabwera mutatukula buku la azungu ndiye mwaonjeza moto. Tsiku lopita kusikelo atengeni apongoziwo, inunso mupite nawo, musamati n'za amayi. Mukafika funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo mokweza pang'ono, ngati kuti wosadziwayo ndinu: "Kodi amayi, mwanayu tingamupatseko timadzi kukatentha?" Akayankha anamwino, inu khalani chete, muzingogwedeza mutu.