Tifunseni: Kodi Don Williams anali wa ku Zimbabwe?

Funso: Zikomo akonzi. Malemu bambo anga anali ndi kaseti ya Don Williams yomwe ankaiika Lamlungu lililonse akamasita malaya a kutchalitchi. Mnzanga akuti woimbayu anali mzungu wa ku Zimbabwe, ine ndikuti wa ku America. Wolondola ndani, nanga anatchuka bwanji? — Wowerenga wa ku Balaka

Yankho: Achimwene, mnzanuyo akugulireni chakumwa, mwamugonjetsa. Koma musamuseke kwambiri. Don Williams anakaimbadi ku Harare mu 1997, ndiye mwina mpamene panachokera mphekeserayo.

Mkuluyu anabadwa pa 27 May 1939 ku Floydada, m'chigawo cha Texas ku America, nakulira ku Portland kufupi ndi Corpus Christi. Gitala anamuphunzitsa ndi mayi ake. Ali ndi zaka zitatu zokha anapambana mpikisano woimba, mphoto yake n'kukhala wotchi yodzutsa m'mawa. Ati kamwana kosadziwa n'komwe nthawi!

Koma kutchuka kunabwera mochedwa, ndipo apa mpamene nkhani yake imandikomera. Atachoka ku usilikali, mu 1964 anayambitsa gulu la Pozo-Seco Singers pamodzi ndi Susan Taylor ndi Lofton Kline. Gululo litatha, iye anapachika gitala n'kukagwira ntchito m'sitolo ya mipando ya apongozi ake. Tangoganizani, mawu aja akunenerera mtengo wa sofa.

Atapita ku Nashville, mkulu wina wojambula nyimbo, Jack Clement, anamulemba ntchito yopeka nyimbo kuti aziimba ena. Kenaka anaona kuti bola mwini wake aziimbe yekha, ndipo mu 1972 anayamba kujambula. Nyimbo yake yoyamba kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country ku America inali "I Wouldn't Want to Live If You Didn't Love Me" ya mu 1974, ali ndi zaka 35. Zonse zimene zinafika pamenepo zinakwana 17.

Ankamutcha "Gentle Giant" chifukwa anali chimunthu chachitali koma chofatsa. Sankakuwa, sankadumphadumpha pa siteji. Chipewa kumutu, gitala m'manja, basi. Ine ndimati n'chifukwa chake makolo athu anamukonda. Ngakhale agogo anga, omwe Chingelezi sankachimva, ankatiletsa phokoso akayamba kuimba pa wailesi.

Don Williams anamwalira pa 8 September 2017 ku Mobile, Alabama, ali ndi zaka 78. Kaseti ya bambo ija ngati ikadalipo, musaisiye padzuwa, ndipo tepi ikatuluka muzikulunga ndi bolopeni pang'onopang'ono.