Magalimoto a okwera sitima adzaza mumsewu wathu: kodi ndivomere mapemiti?

Mayi wina wa ku Malawi amene amakhala m'tauni ina kunja kwa London wandilembera imelo. Nyumba imene akuchita lendi ili pafupi ndi siteshoni ya sitima. Akuti kukamacha msewu wawo umakhala utadzaza kale ndi magalimoto a anthu ochokera kwina, amene amawasiya pamenepo tsiku lonse n'kukwera sitima kupita ku ntchito. Mayiwa amasamalira okalamba usiku, ndiye akaweruka m'mawa amasowa poimika. Tsopano khonsolo ikufunsa ngati anthu akufuna kuti mumsewumo muziimika okhawo okhala ndi mapemiti, ndipo anansi agawanika. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndivomere? Nanga si pakhomo panga, munthu wakutali azindilanda malo bwanji?"

Mayi, pepani kwambiri. Munthu wochezera usiku wonse kuntchito sayenera kumazungulirazungulira kufuna poimika galimoto tulo tili m'maso. Koma ndiyambe ndi mbali yowawa. Kwathu pabwalo ndi pa mwini nyumba, amasesapo yekha ndipo mlendo amayamba waodira. Ku England msewu wa pakhomo panu ndi wa aliyense. Ngati palibe mzere wachikasu kapena chikwangwani choletsa, munthu amene galimoto yake ili ndi msonkho ndi inshuwalansi akhoza kuimika pamenepo, ngakhale pawindo penipeni pa chipinda chanu. Musayese kusungitsa malo ndi mabini a zinyalala monga amachitira ena, chifukwa lamulo la Highways Act la 1980 limati kutchinga msewu mwadala ndi mlandu. Pamene muli ndi podandaulira ndi pamene wina watseka polowera galimoto kumpanda kwanu, paja anatsitsa mphepete mwa msewu. Zikatero khonsolo zambiri zimatha kumulembera chindapusa.

Mkangano wanuwu ndi wakale, ndipo unafikapo mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la ku America. Ku Arlington, m'chigawo cha Virginia, kuli dera la nyumba zogona lotchedwa Aurora Highlands, loyandikana ndi maofesi ambirimbiri a ku Crystal City. Ogwira ntchito m'maofesimo ankadzaza misewu ya anthu. Akuluakulu a derali anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, masiku a ntchito, aziimika okhawo okhala ndi chiphaso: eni nyumba, obwera kudzawagwirira ntchito ndi alendo ena. Apantchito aja anakasuma kuti akusalidwa, ndipo khoti lalikulu la Virginia linagwirizana nawo. Koma mu October 1977 khoti lalikulu la dziko lonse linakana chigamulocho. Linati kuchepetsa phokoso, utsi, zinyalala ndi ngozi m'dera la nyumba ndi zifukwa zomveka zosiyanitsira wokhalamo ndi wongodutsa.

Chimene chimandisangalatsa pa lamulo la ku Arlington n'chakuti silinkadalira amene wafuula kwambiri pamsonkhano. Ankayamba awerenga. Msewu unkatsekedwa pokhapokha malo oposa 75 pa 100 aliwonse ali odzaza, ndipo malo oposa 25 pa 100 atengedwa ndi magalimoto a anthu ogwira ntchito kwina. Inunso funsani khonsolo yanu ngati inawerenga magalimoto mumsewu wanu, nthawi yanji, ndipo inapeza chiyani. Nthawi zina amene adzaza msewu si okwera sitima okha ayi, koma anansi omwe, nyumba imodzi magalimoto atatu. Zikakhala choncho pemiti siingakuthandizeni.

Dziwaninso kuti ku Arlington ziphasozo zinali zaulere, pamene ku England nthawi zambiri pemiti imagulidwa chaka ndi chaka, ndipo siikulonjezani malo. Imangokulolani kufunafuna malo limodzi ndi anzanu a m'dera lanu. Alendo anu nawo amafuna matikiti ogula. Kwa ife amene timayenderana, a kumpingo kubwera kudzazonda wodwala, achibale kudzapepesa maliro, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mtengo ukhozanso kukwera mutavomera kale. Khonsolo ya Barnet, kumpoto kwa London, inakweza pemiti kuchoka pa mapaundi 40 kufika pa 100, ndi tikiti ya mlendo kuchoka pa paundi imodzi kufika pa 4. Mu 2013 khoti la High Court linagamula kuti khonsoloyo inalakwa, chifukwa lamulo la Road Traffic Regulation Act la 1984 silipereka mphamvu yokweza mapemiti n'cholinga chongotolera ndalama. Anthu anapambana, koma anachita kuvutikira kukhoti.

Ndiye maganizo anga ndi awa: vomerani, koma musavomere chiletso cha tsiku lonse. Pemphani cha ola limodzi kapena awiri masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Madera ambiri a pafupi ndi masiteshoni amachita zimenezi. Munthu amene akukagwira ntchito ku London sangabwerere masana kudzasuntha galimoto, ndiye sangaisiyenso mumsewu wanu m'mawa. Inu mukaweruka mupeza malo, ndipo alendo anu a madzulo ndi a Loweruka ndi Lamlungu sadzalipira kanthu. Wosamalira odwala amene amayendera nkhalamba ya pafupi nanu, ntchito imene mukuidziwa bwino, sadzavutikanso kwambiri.

Ndikupempheninso kuti musawaone okwera sitimawo ngati adani. Ambiri ndi anthu ngati ife, anamwino, alonda, oyeretsa m'maofesi, amene akuthawa mtengo wa malo oimikapo magalimoto pasiteshoni, kapena kumene amakhala kulibe basi ya m'mamawa. Mukawachotsa mumsewu wanu sasowa ayi, amangosamukira mumsewu wotsatira, ndipo mkangano umakayambira kumeneko. N'chifukwa chake poyankha khonsolo ndi bwino kutchulanso za mabasi opita kusiteshoni ndi za misewu yoyandikana nanu.

Musanatumize yankho, onetsetsani kuti nyumba yanu ili m'gulu la zololedwa kugula pemiti, chifukwa mafulati ena atsopano anamangidwa ndi pangano lakuti okhalamo sadzapatsidwa. Onaninso kuti mapepala a galimoto yanu ali pa adiresi imene mukukhala, popeza khonsolo imafuna umboni umenewo. Wochita lendi ali ndi ufulu woyankha mofanana ndi mwini nyumba, choncho musasiyire alandilodi. Ndipo kufunsa kumene khonsolo ikuchitaku si mapeto: khonsolo ikaganiza zopitiriza, iyenera kulengeza lamulolo poyera ndi kupereka masiku osachepera 21 kuti otsutsa alembe zifukwa zawo. Lembani maola amene mukufuna, fotokozani kuti mumaweruka m'mawa, ndipo ngati pali anansi ena ogwira ntchito usiku, alimbikitseni kuti aliyense atumize yankho lakelake.