Anathamangitsa galimoto: wapolisi kapena dalaivala?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza walemba kuti: "Ndikukonzera ana a Sitandade 7 nkhani ya chiyambi cha galimoto. Ndalemba kuti Karl Benz ndiye anatulukira galimoto, koma mnzanga akuti ndilembe kuti anapanga. Wolondola ndani?"

Aphunzitsi, ine ndili mbali ya mnzanuyo. Timatulukira chinthu chomwe chinalipo kale koma chinali chobisika. Timatulukira bodza, timatulukira chomwe chikudwalitsa ana m'mudzi. Atolankhani amatinso "atulukira njira yatsopano yosungira chimanga", ndipo pamenepo sinditsutsa, chifukwa nzeru munthu amachita kuipeza. Koma galimoto ndi zitsulo zosula ndi kulumikiza, choncho inapangidwa.

Musamalenso ndi mawu oti "yoyamba". M'chaka cha 1769, Nicolas-Joseph Cugnot wa ku France anali atapanga kale chingolo choyendera nthunzi, chokokera mizinga ya asilikali, ngakhale kuti munthu woyenda pansi ankatha kuchipitirira. Anawo muwalembere chonchi: "Karl Benz wa mumzinda wa Mannheim ku Germany anapanga galimoto yomwe ambiri amati ndiyo yoyamba kuyendera mafuta, ndipo anakalembetsa luso lakelo ku boma pa 29 Januwale 1886." Inali ya matayala atatu, ndipo ikathamangitsitsa inkafika makilomita 16 pa ola, liwiro lomwe wakabaza wamphamvu amafika ngakhale atanyamula munthu. Musaiwale kuwauza za mkazi wake, Bertha Benz. Mu Ogasiti 1888 mayiyu anatenga ana ake aamuna awiri n'kuyenda pa galimoto ya mwamuna wake kuchokera ku Mannheim kukafika ku Pforzheim, mtunda wopitirira makilomita 100. Ananyamuka m'mamawa n'kukafika kukuda, ndipo mafuta anakagula m'sitolo ya mankhwala m'tauni ya Wiesloch, poti malo omwetsera mafuta kunalibe.

Mayi wina wa ku Chipata akufunsa kuti: "Kuno timati motoka, inu ku Malawi mumati galimoto. Chichewa chenicheni ndi chiti? Nanga n'chifukwa chiyani ena amati galimoto yanga, ena galimoto langa?"

Mayi, mawu onse awiri ndi obwereka ndipo onse ndi athu tsopano. Motoka anachokera ku Chingerezi. Galimoto, mmene ambiri timamvera, ndi mawu awiri olumikizana: gari, lomwe m'Chiswahili ndi ngolo kapena choyendera ndipo linachokera ku ziyankhulo za ku India, ndi moto womwe tonse tikuudziwa. Mukamalembera anthu a ku Zambia, motoka palibe cholakwika. Pa funso lachiwirilo, "galimoto yanga" ndiyo yofala, ndipo zikachuluka timati "galimoto zanga". "Galimoto langa" imamvekanso, ndipo imayendera limodzi ndi "magalimoto anga". Chimene ndimakana n'kusakaniza m'nkhani imodzi, kuyamba ndi "galimoto lija" kenako n'kumati "inagwa". Sankhani njira imodzi muyende nayo mpaka kumapeto.

Funso lomwe landikhalitsa pansi lachokera kwa bambo wina wolemba nkhani za pa wailesi. Akuti: "Ndinalemba kuti wapolisi anathamangitsa galimoto. Mkonzi wanga anandifunsa kuti wapolisiyo anali m'kati mwa galimoto kapena kunja. Kodi ndinalakwitsa?"

Bambo, simunalakwitse, koma mkonzi wanuyo ali ndi khutu labwino, mumusunge. Kuthamangitsa kuli ndi matanthauzo awiri ochokera pa tsinde limodzi. Tikaika -its- pa kuthamanga, timanena kuti wina wachititsa chinthu kuthamanga. Dalaivala amachititsa galimoto kuthamanga poponda moto. Wolondola wakuba naye amamuchititsa kuthamanga pomutsata pambuyo. Nthawi zambiri womvera sasokonezeka, chifukwa amadziwa kuti galu sayendetsa galimoto ndipo dalaivala salondola minibasi yake yomwe. Vuto limabwera ndi wapolisi, poti iye angathe kuchita zonse ziwiri.

Nkhani yomwe imaonetsa bwino vutoli inachitika ku England mu Januwale 1896. Lamulo la kumeneko la 1865 linkati choyendera chilichonse cha injini chisapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'matauni, komanso munthu azitsogola wapansi atanyamula mbendera yofiira. Mamailosi 2 ndi makilomita atatu ndi pang'ono chabe. Walter Arnold anadutsa pa Paddock Wood, m'chigawo cha Kent, pa liwiro la mamailosi pafupifupi 8 pa ola, omwe ndi makilomita 13. Wapolisi anakwera njinga yakapalasa n'kumutsata mpaka kumupeza, ndipo khoti linamulipiritsa sheleni imodzi pa mlandu wa liwirowo. Amatchulidwa kuti ndiye woyamba kulipitsidwa chifukwa choyendetsa galimoto mothamanga. Chaka chomwecho lamulo lija linasinthidwa, liwiro lololedwa linakwera.

Tsono taonani. "Arnold anathamangitsa galimoto" n'zoona. "Wapolisi anathamangitsa galimoto" n'zoonanso. Mukaziika ziganizo ziwirizi moyandikana pa wailesi, pomwe womvera sangabwerere kuti awerengenso, mwamutaya. Ine ndikanalemba kuti: "Arnold ankayendetsa galimoto mothamanga kwambiri, ndipo wapolisi anamuthamangitsa pa njinga mpaka kumugwira." Kachilembo ka -mu- kathetsa mkangano, chifukwa tsopano wothamangitsidwa ndi munthu. Ngati mukufuna kuti galimoto ikhalebe m'chiganizo, nenani kuti "analondola galimotoyo" kapena "anaitsata pambuyo". Kupitikitsa musakugwiritse ntchito pano. Timapitikitsa mbuzi m'munda kuti zichoke, pomwe wapolisi uja ankafuna kugwira munthu. Kuthamangira nakonso n'kwina: amene wathamangira galimoto akufuna kukwera kapena kukaona chomwe chachitika.

M'kalata yomweyo mwafunsanso ngati sipidi ndi mawu ololedwa. Pa depoti amamveka tsiku lililonse, ndipo m'sewero la pa wailesi kondakitala ayankhule momwe amayankhulira. Koma powerenga nkhani, liwiro likukwanira ndipo limamveka kwa aliyense, mwana ndi gogo yemwe. Chomwe chimandipweteka ndi kumva "galimoto inali pa liwiro lokwera". Liwiro sitiliyeza kutalika. Timati lalikulu, loopsa, lodetsa nkhawa, kapena timangotchula nambala: "inkayenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola". Mawu oti "pa ola" asasiyidwe, chifukwa mukangoti "inkathamanga makilomita 80" womvera angaganize kuti mukunena kutalika kwa ulendo.

Pali amene amakonda kukometsera ndi "liwiro la mtondo wadooka". Ndi mawu okoma, ndipo ndimafuna kuti ana athu aziwadziwa, koma amakhala bwino pa munthu kapena nyama yothawa ndi miyendo, mtima uli m'mwamba. M'nkhani ya mbiri ngati iyi, nambala imagwira ntchito kuposa chining'a. Mwachitsanzo, pa 29 Epulo 1899, patangotha zaka zitatu Arnold atalipitsidwa, Camille Jenatzy wa ku Belgium anayendetsa galimoto yamagetsi yotchedwa La Jamais Contente pa Achères, pafupi ndi Paris, n'kukhala woyamba kupitirira makilomita 100 pa ola pa galimoto. Apa mukhoza kulemba mosaopa kuti Jenatzy anathamangitsa galimoto, chifukwa nambalayo ikuonetsa kale kuti iye anali pa chiwongolero.